Phunziro la Mwezi Uno: Buku Lonena za Ana Amasiye a ku Mulanje

M'midzi yambiri ya m'boma la Mulanje muli nyumba zimene mukhala agogo ndi adzukulu awo okhaokha. Makolo a ana ena anamwalira, ndipo makolo a ena anapita ku Joni kapena ku Mozambique kukafuna ntchito, osatumizanso mawu. Aphunzitsi awadziwa bwino ana otere, pakuti ndiwo amene afika m'kalasi mochedwa ali ndi njala, ndipo akajomba sabata yathunthu palibe munthu wamkulu amene abwera kudzanena chifukwa chake.

Phunziro la mwezi uno lichokera m'buku lina la ana limene linena za moyo wotere. Dzina lake ndi The Heaven Shop, ndipo mbali yaikulu ya nkhani yake ichitika ku Mulanje, m'munsi mwa phiri. Bukuli liphunzitsa chinthu chimene munthu aliyense wa m'mudzi ayenera kuchilingalira. Imfa ya makolo ipweteka mwana ndithu, koma chimene chimgwetsa mu umphawi kawirikawiri ndi zimene achibale amoyo achita maliro atatha.

Mlembi ndi buku lake

Amene analemba bukuli ndi mayi wa ku Canada, dzina lake Deborah Ellis, wobadwa m'chaka cha 1960. Mayiyu adziwika m'maiko ambiri chifukwa cha mabuku onena za ana okhala m'mavuto, monga The Breadwinner, buku lonena za mtsikana wa ku Afghanistan. Iye anayenda m'dziko muno ndi ku Zambia, nacheza ndi ana amene makolo awo anafa ndi matenda a Edzi. The Heaven Shop linasindikizidwa m'chaka cha 2004, ndipo ndalama zimene mlembi anayenera kulandira pa bukuli zinaperekedwa ku bungwe la UNICEF. M'chaka cha 2005 anatulutsanso buku lina, Our Stories, Our Songs, m'mene ana enieni a ku Malawi ndi ku Zambia afotokoza okha za moyo wawo.

Nkhani ya mu The Heaven Shop ndi yopeka. Anthu ake sanakhaleko, koma malo ake ndi enieni, ndipo mavuto ake ndi amene anthu a m'midzi anawaona ndi maso. Linalembedwa m'Chingerezi chosavuta, choti ana a Sitandade 7 ndi 8 ndi a Folomu 1 akhoza kumva ngati mphunzitsi awathandiza.

Nkhani yake mwachidule

Binti Phiri anali mtsikana wa zaka 13 wokhala mu Blantyre. Amayi ake anali atamwalira kale, ndipo iye anali kukhala ndi bambo ake, mchemwali wake Junie ndi mchimwene wake Kwasi. Bambowo anali mmisiri wokhoma mabokosi a maliro, ndipo malo awo a ntchito anali kutchedwa Heaven Shop, ndiko kunena kuti sitolo ya kumwamba. Binti anali kuphunzira pa sukulu yabwino yolipira, analinso kuchita nawo sewero la pa wailesi lotchedwa Gogo's Family. Popeza anthu ambiri anali kudziwa mawu ake, mtsikanayu anayamba kudziyesa wopambana anzake.

Tsono bambo aja anadwala, namwalira. Pa maliro agogo a anawo, amayi a malemuwo, ananena poyera kuti mwana wawo wafa ndi Edzi, chinthu chimene achibale ena sanafune kuti chimveke. Maliro atatha achibale anatenga katundu wa malemu, nagawana anawo ngati mbuzi. Binti ndi Junie anapita ku Lilongwe, Kwasi anapita ku Monkey Bay. Ku Lilongwe atsikana aja anawaleketsa sukulu, nawasandutsa antchito a pakhomo, ndipo anawaletsa kukhudza ana a m'nyumbamo ndi kudyera m'mbale zawo. Mnyamata amene anali kufuna kukwatira Junie anamkana atamva za matenda a bambo ake.

Zinthu zitafika poipa, Junie anathawa, ndipo Binti ananyamuka yekha kukafuna agogo ake ku Mulanje. Iye anali kuganiza kuti akapeza nyumba yabwino ndi mpumulo. Koma anapeza agogo osauka, otopa, ali kulera ana amasiye ambiri m'kanyumba kakang'ono. Kumeneko anakumana ndi Memory, mtsikana wa msinkhu wake amene anali ndi mwana kale, chifukwa mwamuna wina wamkulu anamgwirira poganiza kuti kugona ndi namwali kuchiza Edzi. Poyamba Binti anali kunyansidwa ndi ntchito yotunga madzi, yophika ndi yosambitsa makanda, koma pang'onopang'ono anaphunzira, naleka kudzitama ndi za pa wailesi.

Mnyamata wina dzina lake Jeremiah, amene anali ndi kachilombo ka HIV ndipo anali kuyenda pa njinga kuphunzitsa anzake za matendawa, anathandiza kufunafuna abale a Binti. Kwasi anapezeka ali m'ndende, atanenezedwa kuti waba. Junie anapezeka ali kugulitsa thupi lake kuti apeze ndalama, ndipo anali atatenga kachilombo. Pa mapeto agogo aja anamwalira, koma ana atatuwo anakhalanso pamodzi ku Mulanje. Iwo anayamba kukhoma mabokosi monga anachitira bambo awo, natcha malowo dzina lakale lija, ndipo ndi ntchito imeneyo anadyetsa ana onse amene agogo anasiya.

Zinthu zinayi zimene zinasautsa anawo

Wowerenga wochenjera aona kuti ana a Phiri sanali osauka tsiku limene bambo awo anamwalira. Anali ndi nyumba, zipangizo za ntchito ndi sukulu. Umphawi unadza pambuyo pake, ndipo unadza ndi zochita za anthu. Zochitazo ndi zinayi, ndipo lero pali lamulo la Boma lonena za chilichonse.

Choyamba ndi kulanda chuma cha masiye. Achibale anatenga katundu ponena kuti ndiye adzalerera anawo, koma anawo sanaone phindu lake. M'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye. Lamuloli linena kuti munthu akafa wosalemba wilu, oyamba kulandira chuma chake ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena amene anali kudalira iye. Mwana wobadwira kunja kwa ukwati awerengedwa pamodzi ndi anzake. Mbale amene atenga katundu wa malemu popanda chilolezo cha lamulo apalamula mlandu, ndipo akhoza kulipitsidwa ndi kuikidwa m'ndende. Odandaula apite kwa Bwana D.C., ku khoti kapena ku polisi. Komabe njira yoposa zonse ndi yakuti kholo lilembe wilu likali moyo. Wilu ilembedwa pa pepala, mwini wake asaina pamaso pa mboni 2, mbonizo zisainanso, ndipo pepalalo lisungidwa pa malo odalirika. Kulemba wilu si kuitana imfa ayi. Munthu amene ali ndi munda, njinga, mbuzi kapena makina osokera ali nacho kale chuma choyenera kulembedwa.

Chachiwiri ndi kusala. Achibale a ku Lilongwe anaopa mbale ndi makapu chifukwa cha umbuli. Kachilombo ka HIV sikayenda m'mbale, m'kapu, m'chimbudzi, pogwirana chanza kapena polumidwa ndi udzudzu. Kayenda pogonana, m'magazi, ndiponso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pamene mayiyo sali kulandira mankhwala. Mwana amene makolo ake anafa ndi Edzi sizitanthauza kuti nayenso ali nako, ndipo ngakhale atakhala nako ayenera kudya, kusewera ndi kuphunzira pamodzi ndi anzake. Lamulo la za HIV ndi Edzi limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2018 liletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka. Zimene zinamchitikira Memory ziyenera kunenedwa mosabisa: kugona ndi mwana sikuchiza matenda aliwonse, koma kupatsira mwanayo matenda, ndipo ndi mlandu waukulu wotengera munthu ku ndende zaka zambiri.

Chachitatu ndi kuleketsa ana sukulu. Mwana wamasiye akaleka sukulu ataya chuma chokhacho chimene mbale sangathe kumlanda. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere m'chaka cha 1994, ndipo lamulo la maphunziro la m'chaka cha 2013 linena kuti mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale. Kuyambira m'chaka cha 1993 mtsikana amene anachembeza aloledwa kubwerera ku sukulu. Ndiponso m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti aliyense wosafika zaka 18 ayesedwe mwana, kotero kuti kukwatitsa mtsikana wamasiye pofuna kuchepetsa pakamwa podyetsa ndi kulakwira lamulo.

Chachinayi ndi kulekanitsa ana a mimba imodzi. Binti, Junie ndi Kwasi anali olimba pamene anali pamodzi. Atawabalalitsa, aliyense anasowa womuuza mavuto ake, ndipo Kwasi anakhala m'ndende abale ake osadziwa. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la m'chaka cha 2010 linena kuti mlandu wa mwana uweruzidwe m'khoti la ana, ndi kuti mwana asatsekeredwe pamodzi ndi akaidi akuluakulu. Koma lamulo lokha silingasunge abale pamodzi. Imeneyo ndi ntchito ya mwinimbumba, ankhoswe ndi mfumu pamene akhala pansi kukambirana maliro atatha. Ngati sikutheka kuti ana onse akhale pa khomo limodzi, akhale m'mudzi umodzi kapena pa mtunda woti azichezerana.

Chimene chinawapulumutsa

Ndi chinthu choyenera kuchizindikira kuti m'bukuli simufika munthu wachuma wodzatenga anawo pa galimoto. Amene anawapulumutsa ndi osauka anzawo. Agogo analibe ndalama, koma sanabweze mwana aliyense pakhomo, ndipo sanaope kutchula matenda ndi dzina lake. Memory anaphunzitsa Binti ntchito za pamudzi. Jeremiah anali ndi njinga chabe, koma anafunsafunsa mpaka anapeza otayikawo. Ndipo luso la matabwa limene anawo anaona kwa bambo awo ndilo linawapatsa chakudya pa mapeto. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo bukuli lionetsa m'mene mwambiwo ugwirira ntchito pa khomo lopanda ufa wokwanira.

Pali phunziro linanso kwa makolo amene ali moyo. Mmisiri, telala, mlimi kapena wowotcha njerwa aphunzitse ana ake ntchito ya manja ake, anyamata ndi atsikana omwe. Katundu akhoza kulandidwa usiku umodzi, koma luso likhala m'manja mwa mwana.

Zimene zasintha chilembedwere bukuli

Mphunzitsi ayenera kufotokozera ana kuti nkhaniyi inalembedwa pa nthawi yovuta koposa. Matenda a Edzi anadziwika koyamba m'Malawi m'chaka cha 1985, ndipo kwa zaka zambiri munthu wamba analibe mankhwala. M'chaka cha 2004, chaka chomwecho chimene bukuli linatuluka, Boma linayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere m'zipatala. M'chaka cha 2011 Malawi anayamba kupereka mankhwalawa kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo, ndipo maiko ena anatengera njira imeneyi kuchokera kuno. Lero munthu akapezeka ndi kachilombo ayamba mankhwala posachedwa, ndipo akawamwa mokhulupirika akhoza kulera ana ake mpaka akule. Bambo a Binti akanakhala a masiku ano, akanatha kuyezetsa magazi pa chipatala cha Boma cha Mulanje, pa Mulanje Mission kapena pa chipatala chaching'ono cha kwawo, nakhala ndi moyo.

Koma ana osowa owalera sanathe. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, ndipo malo olima ndi ochepa chifukwa cha phiri ndi minda ya tiyi. Chifukwa cha ichi ambiri achoka kukafuna ntchito kutali, nasiya ana ndi agogo. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anadzetsa napolo m'maboma a kum'mwera, ndipo Mulanje anali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Ana ena anataya makolo, nyumba ndi minda pa tsiku limodzi. Mwana wamasiye wa napolo ndi mwana wosiyidwa ndi kholo lamoyo akumana ndi zinthu zinayi zomwe zija.

Thandizo lilipo kwa amene alifuna. Ku boma kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, imene ilandira madandaulo okhudza ana. Ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit. Mwana kapena mnansi akhoza kuimba foni pa nambala yaulere ya 116. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006 ndi kufalikira m'maboma onse, inakonzedwa kuti ithandize mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga a agogo olera adzukulu. Kulinso mabungwe monga Friends of Mulanje Orphans, limene linayamba m'chaka cha 2000, ndi mipingo, mizikiti ndi sukulu za mkombaphala.

Pamene mlembi anasiyana ndi za kuno

Popeza mlembi ndi mlendo, pali zina zimene wowerenga wa ku Mulanje adzazizwa nazo. Dzina lakuti Kwasi ndi la ku Ghana, kumene alipatsa mnyamata wobadwa Lamulungu. Ndiponso m'bukuli ana apita kwa amayi a bambo awo, pamene mwa Alomwe, Amang'anja ndi Ayao a ku Mulanje mwambo ndi wa chikamwini, ndipo ana awerengedwa a mbumba ya mayi, pansi pa atsibweni awo. Zimenezi siziwononga phunziro la bukuli. Mphunzitsi azigwiritse ntchito pofunsa ana kuti kwawo zikanayenda bwanji, pakuti kulanda chuma ndi kuzunza amasiye kuchitika ku chikamwini ndi ku chitengwa komwe.

Malangizo kwa aphunzitsi

Mphunzitsi ayambe wawerenga yekha buku lonse asanapite nalo m'kalasi, chifukwa mbali za Memory ndi Junie ndi zolemera ndipo zifuna mawu osankhidwa bwino. Ngati buku lili limodzi lokha, awerenge mokweza mutu umodzi pa sabata, nafotokoze m'Chichewa kapena m'Chilomwe pamene Chingerezi chavuta. Ana ajambule mapu a Malawi ndi kuikapo Blantyre, Lilongwe, Monkey Bay ndi Mulanje, kuti aone kutalika kwa mtunda umene abalewo analekanitsidwa. Akhozanso kupeka okha sewero la pa wailesi lonena za msonkhano wa achibale maliro atatha, wina akhale mfumu, wina atsibweni, wina agogo, ndi wina mwana.

Pali chinthu chimodzi choyenera kupewa. Mphunzitsi asaloze mwana wamasiye m'kalasi kuti akhale chitsanzo, ndipo asafunse poyera kuti makolo a uje anafa ndi chiyani. Mwana wotere akafuna kulankhula adzabwera yekha pambuyo pake, ndipo pamenepo mphunzitsi amvetsere mofatsa, nadziwitse mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu kapena gulu la amayi a pa sukulu. Amene sali aphunzitsi akhoza kufotokoza nkhaniyi pa msonkhano wa mudzi, wa mpingo kapena wa banki m'khonde.

Mafunso okambirana

1. Kodi ana a Phiri anasauka liti, ndipo anawasaukitsa ndani?

2. Chifukwa chiyani agogo anatchula matenda a mwana wawo pa maliro? Kodi anachita bwino?

3. Tchulani njira 3 zimene kachilombo ka HIV kayendera, ndi njira 3 zimene sikayendera.

4. Munthu akafa wosalemba wilu, lamulo la m'chaka cha 2011 linena kuti oyamba kulandira chuma chake ndani?

5. Kodi Binti anaphunzira chiyani kwa Memory chimene sanaphunzire pa sukulu yolipira?

6. M'mudzi mwanu, mwana akasowa womlera, ayenera kuuzidwa ndani poyamba?

Ntchito ya mwezi uno

Mfumu iliyonse pamodzi ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi ilembe maina a ana amene akhala ndi agogo okha kapena akhala okhaokha, ndi kuona ngati onse ali kupita ku sukulu. Mphunzitsi wamkulu ayang'ane m'kaundula ndi kutuma munthu kwa mwana aliyense amene wajomba sabata yathunthu. Kholo limene lili ndi munda kapena katundu lifunse za kalembedwe ka wilu ku ofesi ya Bwana D.C. mwezi uno usanathe. Ndipo pa maliro alionse amene asiya ana, achibale asabalalike asanagwirizane pamaso pa mfumu za kumene anawo adzakhala, sukulu imene adzaphunzira, ndi munthu amene adzasunga katundu wawo mpaka atakula.